Zozungulira m'munda wa balere ku Kent: akuti ndi manda

Nkhoma: Abale anga mwaswera bwanji? Taonani chithunzi ichi. Ndi munda wa balere pa famu yomwe ndimagwirapo ntchito kuno ku Kent, m'dziko la England, chakufupi ndi tauni ya Sandwich. Mwana wa abwana anaulutsa droni yake dzulo madzulo, ndiye taona zozungulira zitatu zobiriwira biriwiri, pomwe munda wonse wayamba kale kuchita chikasu. Palibe amene anathirapo feteleza mwapadera, paipi ya madzi palibenso. Nditafunsa abwana angoti "ndi manda akalekale amenewo" n'kumapitiriza kumwa tiyi wawo. Ine usiku tulo sindinatione. Chaka chachitatu chino ndikuyendetsa thirakitala pamenepo.

Mbewe: Kkkkk achimwene amenewo si manda, ndi bwalo la ndege za usiku. Afiti a ku Ulaya nawonso amafuna potera. Mukaona lichero pambali musatole.

NaBanda: A Mbewe mwayambapotu. Koma a Nkhoma, mukuti manda? Pakati pa munda? Nanga mitengo yake ili kuti?

Nkhoma: Mtengo ngakhale umodzi amayi. Pansi ndi pa see ngati bwalo la mpira. Ndapitako m'mawa uno wapansi. Ukakhala pansi sungadziwe msanga, mpaka utawerama n'kuyang'ana mopingasa, dzuwa likadali m'munsi. Pamenepo ndi pomwe umaona kuti balere wa pa mzere wozungulirawo ndi wamtali kuposa mnzake, kusiyana kwake ngati chikhatho chimodzi, ndipo ngala zake zikadali zaziwisi. Chachikulucho ndayesa ndi mapazi, chakwana masitepe 28 kudutsa pakati. Mzere wobiriwirawo m'lifupi mwake ndi masitepe awiri basi.

Jere: Si zija amati ma crop circle zija? Zija ankati zapangidwa ndi zolengedwa za kumwamba?

Aphunzitsi: Ayi a Jere, zimenezo ndi zina. Zija mbewu zimakhala zogonetsedwa pansi, ndipo mu 1991 azibambo awiri, Doug Bower ndi Dave Chorley, anaulula okha kuti akhala akuzipanga usiku ndi thabwa ndi chingwe. Izi za a Nkhoma mbewu zaima chilili, palibe wazikhudza. Chasiyana ndi kakulidwe kokha.

Abwana anuwo sananame, a Nkhoma. Ndifotokoze pang'ono, mundipirire poti uphunzitsi sutha. Zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, nthawi yomwe anthu a kuno anali atangoyamba kusula mkuwa, munthu wina akamwalira ankamuika pansi, kenako n'kukumba ngalande yozungulira mandawo. Dothi ndi choko (mwala woyera wofewa) zochokera m'ngalandemo ankaziunjika pakati mpaka kupanga mtumbira waukulu ngati chulu. Azungu amautcha round barrow. Poyamba mtembo ankaugoneka cham'mbali, mawondo atapinda, pambali pake n'kuikapo mphika. Patapita nthawi anayamba kuwotcha mitembo n'kuika phulusa ndi timafupa mu mtsuko.

Mtumbirawo pulawo inaudya pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Ngalande ija inakwiririka ndi dothi lakuda lofewa. Tsono ku Kent kwanuko pansi ndi choko, dothi lapamwamba ndi lochepa. Kukachita ng'amba, balere yemwe ali pamwamba pa choko madzi amamuthera msanga, ndiye amafulumira kucha. Koma yemwe wamera pamwamba pa ngalande yokwiririka ija mizu yake imatsika pansi kukapeza chinyezi, ndiye amatalika n'kuchedwa kuuma. Chomwe mukuonacho si manda enieniwo, ndi ngalande yake ikudzionetsa kudzera m'mbewu.

Nangozo: Aphunzitsi, zimenezo ife kuno ku Dedza sitingadabwe nazo. Munda wanga wa kumtunda muli malo ena chimanga chimachita kuda bii chaka ndi chaka, ngakhale feteleza achepe. Apongozi anga ndi amene anandiuza kuti pamenepo panali khola la ng'ombe la atate awo. Pa bwinja ndiye osanena, maungu ake amachita kuyanga ngati alodzedwa. Pomwe panali chulu chomwe tinasalaza napo pamadziwika. Koma pamene ana anawotchera njerwa, ndi pomwe padadutsa njira ya ngolo, chimanga chake chimangofika m'chiuno n'kumasula. Nthaka siiwala.

Aphunzitsi: Ndendende mayi. Mwatchulanso mbali yachiwiri yomwe ndinaisiya. Pomwe pansi pali khoma kapena msewu wa miyala, mbewu zimapinimbira n'kuuma msanga, ndiye mzere wake umakhala wotuwa osati wobiriwira. Ku Richborough, pafupi pomwepo ndi a Nkhoma, wolemba mbiri William Camden anaona misewu ya tauni ya Aroma ikuonekera m'tirigu kalekale, zaka za m'ma 1500. Alimi ankazidziwa ndege zisanabwere n'komwe.

Mbewe: Ndiye mukuti a Nkhoma zaka zitatu zonsezi akhala akupalasa pamutu pa mfumu ya eni ake? Achimwene mukafike kwa asing'anga, thirakitala imeneyo isambitsidwe.

Nkhoma: Inu a Mbewe musandiwonjezere mantha kkkk. Koma tsopano ndakumbuka kanthu. Mwezi wa October tikatembenuza nthaka, pamalo omwewo ndimaona dothi lakuda likuzungulira, pakati pake poyererako ndi tizidutswa ta choko. Ndinkangoti ndi mmene nthaka ilili.

NaBanda: Ine zandikhudza moipa. Kwathu ku Ntchisi kumanda sungatoleko ngakhale kankhuni kakugwa kokha. Mwana akaloza kumanda ndi chala timamukalipira. Kukalowako popanda chilolezo cha amfumu ndi mlandu wa nkhuku, mwinanso mbuzi. Ndiye kuno anthu ophunzira, olemera, akulima balere pamwamba pa anthu anzawo n'kumafululira mowa? Munthu ndi munthu, kaya anafa dzulo kaya zaka 4,000 zapitazo.

Jere: Koma amayi, amene analima koyamba pamenepo mwina sankadziwa.

NaBanda: Mtumbira wotalika kuposa munthu sungauone? Ankadziwa. Anangoona kuti eni ake palibe.

Aphunzitsi: Apa a NaBanda akunena zoona, ambiri ankadziwa. Ina inasalazidwa kale kwambiri ndi mapulawo a ng'ombe ndi akavalo. Koma yochuluka yatha m'nthawi ya mathirakitala, makamaka kuyambira pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pomwe boma linalamula kuti malo odyetsera nkhosa atembenuzidwe kuti dziko lipeze chakudya. Sitima zobweretsa tirigu zinkamizidwa panyanja. Munthu wanjala mtumbira amauona ngati chulu chongotchinga mzere.

Komwe pulawo sinafike ikadalipo. Kuno ku Wiltshire komwe ndimakhala, ukaima pa Stonehenge, pomwe pali miyala ikuluikulu yakale yoimikidwa mozungulira, n'kuyang'ana kumwera, umaiona itandandalika pa Normanton Down ngati mitumbira ya mbatata ya chimphona. Ndimapitako ndi adzukulu anga kukawongola miyendo.

Mbewe: Aphunzitsi mumapita kumanda ndi adzukulu? Ndiye mwakonzeka kale bwanji, makasu amanyamula okha? Kkkkk

Aphunzitsi: A Mbewe, adzukulu a ana anga, osati okumba manda. Inu mudzafa ndi pakamwa panupo.

Nangozo: Kkkk. Koma amayi NaBanda, tisawanene kwambiri azunguwo. Ngakhale kuno, manda amene eni ake anasamuka kalekale akuphwanyidwa m'mphepete chaka chilichonse. Wina amaba mzere umodzi chaka chino, chaka chamawa iwiri. Mitengo ikuluikulu inapita ku makala. Manda amalimba pomwe pali mbumba yoti ikalipe. Ine ndaona ndi maso anga kamsitu ka manda kakusanduka ka mitengo isanu, ndipo sizinatenge zaka 4,000, zangotenga moyo wanga womwewu.

NaBanda: Zimenezo ndiye zikundiwawa kuposa. Basi tingoti tonse ndife olakwa.

Jere: Ine funso langa ndi lina. Mkatimo mukadali kanthu? Kapena pulawo inamaliza zonse?

Aphunzitsi: Zimatengera mmene anaikira. A Nkhoma, pulawo yanu imalowa pansi bwanji?

Nkhoma: Masentimita 20, mwina 25. Koma pakapita zaka zingapo timadutsitsa chitsulo china chophwanya nthaka yolimba ya pansi, chimenecho chimalowa kuposa pamenepo. Chaka chomwe tabzala mbatata ya kachewere ndiyenso timatipula mozama.

Aphunzitsi: Ndiye onani. Ngalande ija nthawi zambiri inkakumbidwa mozama mita kapena kuposa, n'chifukwa chake ikadalipo. Manda a pakati, ngati anawakumba kulowa m'choko, akhoza kukhala akadali bwinobwino pansi pa balere wanuyo. Koma mitsuko ya phulusa yomwe anthu a pambuyo pake ankaikwirira m'mbali mwa mtumbira inapita limodzi ndi mtumbirawo, inaphwanyika n'kumwazika m'munda monse. Ndipo tizidutswa ta choko tatsopano tomwe mumationa pamwamba mukalima, ndi chizindikiro choti pulawo ikupala pansi penipeni. Chaka chilichonse imachotsako pang'ono.

Mbewe: Funso lenileni palibe akufunsa. Golide alimo?

Aphunzitsi: Ndinadziwa kuti tifika pamenepa. Yochuluka mulibe golide. Mumapezeka mafupa, mphika, mwina mpeni wa mkuwa kapena mikanda, ina mulibe chilichonse. Koma ilipo ingapo yomwe inadabwitsa anthu. Pa Normanton Down pomwe ndatchula paja pali wina wotchedwa Bush Barrow. William Cunnington anaukumba mu 1808 n'kupeza mwamuna ali ndi chigamba cha golide pachifuwa, mipeni ndi nkhwangwa ya mkuwa. Zinthuzo zili ku nyumba yosungira zakale ya Wiltshire Museum m'tauni ya Devizes, ndinakaziona.

Koma nkhani yokukhudzani inu a Nkhoma ndi ya pakhomo panu pomwepo. Mu November 2001, bambo wina dzina lake Cliff Bradshaw ankayenda ndi makina ofufuzira zitsulo m'munda wa ku Ringlemere, kufupi ndi Sandwich komweko, n'kupeza chikho cha golide. Chinali chitaphwanyika mbali imodzi, pulawo itachimenya. Akatswiri anati ndi cha pakati pa 1700 ndi 1500 Khristu asanabadwe. Nyumba yosungira zakale ya British Museum inachigula pa mapaundi 270,000, ndalamazo anagawana wotola ndi eni munda. Atakumba pamalopo anapeza kuti panalidi mtumbira waukulu womwe unali utatsala pang'ono kutheratu, ndiponso kuti anthu ena a zaka pafupifupi 2,000 pambuyo pake anadzaikanso abale awo pomwepo. Chikhocho pulawo ikanachipeza kawiri kapena katatu kena, bwenzi pano tikunena za tizidutswa.

Mbewe: Mapaundi 270,000!!! A Nkhoma ndikukwera ndege mawa. Konzani khasu ndi tochi. Ine ndigwira tochi.

Nkhoma: Ringlemere ndimadutsako popita kukagula mafuta, sindinkadziwa n'komwe. Koma a Mbewe khasu lanulo likakutengerani ku ndende, ine visa yanga ndimaikonda.

Aphunzitsi: Ndipo musayerekeze. Okumba usiku kuno amawatcha ma nighthawk ndipo amamangidwa. Munda ndi wa mwini wake, kufufuzamo popanda chilolezo chake ndi kuba. Ngati malowo ali pa mndandanda wa malo otetezedwa pansi pa lamulo la 1979, ngakhale mwini mundayo sangakumbe kapena kuyendetsapo makina ofufuzira zitsulo popanda chilolezo. Ukatola chinthu chagolide chakale, lamulo la Treasure Act la 1996 limati ukanene pasanathe masiku 14. A Bradshaw aja analandira ndalama chifukwa anakanena. Mafupa a munthu ndiye ali ndi lamulo lakelake, sungawachotse popanda chikalata cha boma.

Komanso chomwe akatswiri amafuna si golide kwenikweni. Amafuna kudziwa kuti chinthu chinagona pati, pansi pa chiyani, pafupi ndi chiyani. Wokumba ndi tochi amawononga zonsezo mu ola limodzi.

NaBanda: Koma nawonso akatswiriwo amasiyana pati ndi a Mbewe? Onse akufukula munthu yemwe abale ake anamuika ndi misozi. Wina ali ndi tochi, wina ali ndi digiri. Ine ndinalowa mu nyumba ina yosungira zakale n'kupeza mafupa a munthu ali m'galasi, ana a sukulu akujambula ndi mafoni. Ndinatuluka.

Jere: Amayi, ine pamenepo ndimaona mosiyana pang'ono. Ku Salisbury Museum kuli mafupa a mwamuna yemwe anapezeka ku Amesbury mu 2002 pomwe ankafuna kumanga nyumba ndi sukulu. Anaikidwa cha m'ma 2300 Khristu asanabadwe, ali ndi mivi yambiri, timipeni ta kopa ndi tizokongoletsera tsitsi ta golide. Atayeza mano ake anapeza kuti sanakulire ku Britain, anachokera cha ku mapiri a Alps. Bondo lake lamanzere linali lovulala, ankayenda motsimphina. Ine nditamva zimenezo ndinati uyu ndi mnzathu, obwera ngati ife tomwe. Akanapanda kumufukula bwenzi makina omangira atamugaya, palibe akanadziwa kuti kunali munthu wotero.

NaBanda: Kumupulumutsa ku makina ndavomera. Kumuyeza mano ndavomeranso. Akamaliza amubwezere m'nthaka. Galasi la chiyani?

Aphunzitsi: Mkangano umenewu azungu eni ake ali nawonso. Gulu lina la a chipembedzo cha ma Druid linapempha kuti mafupa omwe ali ku nyumba yosungira zakale ya ku Avebury akaikidwenso m'manda. Anafunsa maganizo a anthu, ndipo mu 2010 mabungwe osamalira malo akale a English Heritage ndi National Trust anagamula kuti mafupawo akhalebe komweko. Ine pandekha ndili pakati. Ndikaima pa galasi paja ndimavula chipewa, koma ndimawerenganso zolembedwazo mpaka kumapeto.

Nangozo: Aphunzitsi mwazemba ngati a ndale kkkk.

Mbewe: Ndibwerere kwa a Nkhoma. Mwatsimikiza bwanji kuti zitatu zonsezo ndi manda? Mwina kunali kumangirira mbuzi, imadya mozungulira chikhomo.

Aphunzitsi: Mwaseka koma mwalasa. Si chozungulira chilichonse chomwe chili manda. Nyumba za anthu a nthawi yomwe anali atayamba kusula chitsulo zinali zozungulira ngati zathu zakale zija, ndipo ngalande yake ya madzi a padenga imaonekanso m'mbewu, kungoti imakhala yaing'ono ndipo imasiya mpata wa khomo. Pomwe panali chigayo choyendera mphepo pamasiyanso chozungulira. Ku Kent ndiye muchenjere kwambiri, poti nthawi ya nkhondo kunadzaza mizinga yowombera ndege ndi nyali zikuluzikulu zounikira kumwamba, ndipo malo ake ambiri anali ozungulira. Ngakhale bowa amamera mozungulira n'kubiriwitsa udzu.

Akatswiri enieni anasokonezekapo. Mu 1925 woyendetsa ndege ya nkhondo, Gilbert Insall, ankauluka pafupi ndi Amesbury n'kuona chozungulira m'munda, pamalo pomwe anthu ankati ndi mtumbira wamba wosalazidwa. Atabwereranso tirigu atakula anaona timadontho tambiri mkati mwake, tili m'mizere yozungulira. Maud Cunnington ndi mwamuna wake atakumba anapeza kuti ndi maenje a nsanamira zamitengo, mizere isanu ndi umodzi, wina mkati mwa unzake. Ndi pomwe pano pamatchedwa Woodhenge, makilomita atatu kuchokera ku Stonehenge. Pakati pake anapezapo manda a kamwana. Lero anaikapo tizipilala ta simenti posonyeza pomwe panali nsanamirazo.

Koma za a Nkhomazi, masitepe 28, mzere wosaduka, zitatu pamodzi... a Nkhoma, zili pamtunda kapena kumunsi?

Nkhoma: Pamsana pa kachitunda, chakumapeto kwake. Ukaima pamenepo umaona mpaka kunyanja.

Aphunzitsi: Ndiye ine ndingabetche kuti ndi manda. Ankakonda malo oterowo, kuti mtumbira uzionekera patali. Ganizirani uli watsopano, choko chokhachokha, woyera mbee pamwamba pa chitunda.

Jere: Chomwe sindikumvetsa, bwanji a Nkhoma sanazione chaka chatha kapena dzana?

Nkhoma: Chaka chatha munali nyemba m'munda umenewo, dzana lake mvula inagwa yambiri mwezi wa June. Komanso droni inabwera pa Khirisimasi pomwepa kkkk.

Aphunzitsi: Mwadziyankha nokha. Pamafunika zitatu zikumane: mbewu yoyenera, makamaka tirigu kapena balere, nthaka yosasunga madzi ngati choko kapena ya nsangalabwi, ndi ng'amba pa nthawi yomwe mbewu ikukhwima. Pa dothi la makande sizionekera bwino. Chaka cha mvula munda wonse umakhuta, palibe wosiyana ndi mnzake. N'chifukwa chake akatswiriwa chilala amachikonda pomwe alimi akulira. Cha 1976 amachikumbukabe. Mu 2018 ndiye kunali phwando, ndege zawo zinkangouluka ku England ndi ku Wales, ndipo ku Ireland anthu awiri, Anthony Murphy ndi Ken Williams, anaulutsa madroni pafupi ndi manda akale a Newgrange mwezi wa July n'kupeza chibwalo chachikulu chozungulira chomwe panalibe amene ankachidziwa. Patangotha masabata ochepa mbewu zinakololedwa, chinazimiririka.

Amene anayambitsa mwadongosolo ntchito yofufuza zakale kuchokera m'ndegeyi kuno ndi O.G.S. Crawford. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankakwera ndege kukajambula ngalande za adani, ndiye atabwerako anati luso lomweli ligwire ntchito pa ngalande za makolo.

Nangozo: Ndiye droni imeneyo idzabwere kuno ku Dedza mwezi wa February kukachita ng'amba. Pansi pa mapiri a Chongoni pomwe pali zojambula za pamiyala paja, anthu ake ankagona penapake ndithu. Mabwinja ali m'minda yathuyi ndi ambiri.

Jere: Vuto kwathu ndi mizere mayi, ndi kusakaniza mbewu. Chimanga, nyemba, maungu, nandolo munda umodzi, aliyense kamunda kake ndi feteleza wake. Kuchokera kumwamba zingaoneke ngati chitenje. Kuno munda umodzi ndi mbewu imodzi, yobzalidwa tsiku limodzi ndi makina, ndiye kakusiyana kakang'ono kamaonekera.

Nangozo: Mwina m'maesiteti mwa fodya ndi soya. Komabe ine khola la apongozi anga ndimaliona popanda droni.

Nkhoma: Tsono ndichite chiyani aphunzitsi? Ndingokhala chete? Sindikufuna kuwaputira mavuto abwana, angadzati ndawaitanira boma m'munda.

Aphunzitsi: Yambani mwalankhula nawo, chithunzicho ndi cha mwana wawo ndipo munda ndi wawo. Mmene anayankhira paja, n'kutheka kuti malowo analembedwa kale. Khonsolo ya Kent ili ndi kaundula wa malo akale wotchedwa Historic Environment Record, ndipo a bungwe loona za malo akale la Historic England anaika zithunzi zawo za m'ndege pa intaneti, mukhoza kufufuza munda wanuwo pa mapu. Ngati mulibe, mukhoza kuwatumizira chithunzi, tsiku ndi malo ake. Kulembetsa m'kaundula sikulanditsa munda. Ndipo pali ndondomeko za boma zomwe zimalipira mlimi kuti pamalo oterowo asiye kulima mozama kapena abzalepo udzu. Abwana anu akamva za ndalama tiyi uja amuika pansi.

NaBanda: Abzalepo udzu basi. Ngakhale kamtengo kamodzi.

Aphunzitsi: Mtengo ndiye sangalole amayi, akuti mizu imasokoneza za pansizo. Akalulu ndi nyama zina zokumba una nazonso amalimbana nazo.

NaBanda: Ha! Manda opanda mthunzi. Dziko lake ndi limeneli.

Nkhoma: Ndawapeza abwana pa shedi pompano. Akuti ziwirizo akuzidziwa, bambo awo anawauza kuti ali mwana chimodzi chinkaonekabe ngati kachulu, mathirakitala ankachita kudumphapo. Chachitatu chaching'onocho akuti nawonso akuchiona koyamba. Avomera kuti mwana wawo atumize zithunzi. Za udzu angoseka, akuti tikambirana tikakolola.

Mbewe: Za tochi sanatchuleko?

Nkhoma: A Mbewe gonani. Amene ali pafupi akufuna kudzaona afike Loweruka lisanadutse, makina okololera akulowa m'munda umenewo Lolemba kukapanda kugwa mvula. Mubwere cha m'ma 8 koloko madzulo dzuwa litapendeka, masana simuona kanthu. A Jere mukamabwera munditengereko ufa ku shopu ija, wanga watha.